Mawu akuti “organic” pa paketi: amawatsimikiza ndani, ndipo lamulo likutinji akakhala abodza?

Katundu wa m'chigwa cha Shire akakwera zitunda za Chikwawa n'kukafika m'masitolo a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amakhala atasintha maonekedwe. Malambe amene anagulidwa pa thumba ku Ngabu amakhala atasanduka ufa wa m'paketi yonyezimira, masamba a chammwamba, chimene kuno ambiri timachitcha sangowa, amakhala atasinjidwa n'kuthiridwa m'kabotolo, ndipo chitowe cha ku Nsanje chimakhala chitayengedwa mafuta. Pa mapaketi ena otere pamasindikizidwa mawu akuti “organic”, nthawi zina pambali pa chithunzi cha tsamba lobiriwira, ndipo mtengo umakwera chifukwa cha mawu omwewo. Wogula amapereka ndalama yapamwambayo pokhulupirira kuti chakudyacho chinalimidwa popanda feteleza wa kufakitale ndi mankhwala ophera tizilombo. Chimene sichifunsidwa kawirikawiri n'chakuti anatsimikiza zimenezo ndani, ndipo zikapezeka kuti n'zabodza, wogulayo angakadandaule kuti.

Nkhaniyi imavuta chifukwa zimene mawuwa amalonjeza sizioneka ndi maso. Munthu akamagula nsomba pa msika wa Bangula amadziwa pomwepo ngati yayamba kuwonongeka, ndipo akagula nyemba zimene wogulitsa wati sizichedwa kupsa, zoona zake amazidziwa zikakhala pamoto. Koma chitowe chopoperedwa mankhwala ndi chosapoperedwa zimafanana mtundu, fungo ndi kakomedwe, moti munthu akhoza kudya zaka zambiri osazindikira kuti ananamizidwa. Ndalama yowonjezera ija amalipirira mbiri ya munda umene sanauonepo, ndipo mbiri yotere munthu wina aliyense wokhala ndi makina osindikizira akhoza kuipeka masana amodzi. N'chifukwa chake mayiko amene malonda awa anakula msanga anaona kuti mawu a wogulitsa okha sangakwanire, ndipo anamanga dongosolo la malamulo olembedwa, anthu oyendera minda ndi zikalata zotsatira katundu kuchokera kumunda mpaka m'sitolo.

Mayiko a ku Ulaya anakhazikitsa lamulo lawo loyamba la ulimi wotere mu 1991, ndipo limene likugwira ntchito lero, lodziwika ndi nambala ya 2018/848, linayamba pa 1 Januwale 2022. Ku America lamulo linadutsa mu 1990 koma ndondomeko zake zinayamba kutsatidwa mokwanira mu 2002. Bungwe la Codex Alimentarius, limene lili pansi pa FAO ndi WHO, nthambi za United Nations zoona za chakudya ndi za umoyo, linatulutsa malangizo a dziko lonse mu 1999. Malamulowa amasiyana apa ndi apo, koma mtima wake ndi umodzi. Mlimi sathira feteleza wa kufakitale, sapopera mankhwala ophera tizilombo kapena udzu kupatula ochepa amene ali pa mndandanda wololedwa, sadzala mbewu yosinthidwa chibadwa ku labotale, ndipo nthaka amaidyetsa ndi manyowa, kompositi, mbewu za mtundu wa nyemba ndi kasinthasintha wa mbewu. Munda umene unkathiridwa mankhwala suyera tsiku limodzi: ku Ulaya pamayenera kupita zaka 2 asanadzale mbewu ya chaka chimodzi imene idzagulitsidwe ndi dzinali, kapena zaka 3 ngati ndi mitengo ya zipatso, pamene ku America amawerenga zaka 3 kuchokera tsiku lomaliza kuthira choletsedwa. Chakudya chosakaniza, monga ufa wa phala, chimatchedwa “organic” pokhapokha magawo 95 pa 100 alionse a zokolola zimene zalowamo atachokera m'minda yotsimikizidwa. Pamwamba pa zonsezi, bungwe lotsimikiza, monga Ecocert, CERES kapena Control Union, limatumiza woyendera kamodzi pa chaka kapena kupitirira apo, nthawi zina mosachenjeza, ndipo nambala ya bungwelo imalembedwa pa paketi. Katundu wotsimikizidwa kuno motsatira lamulo la ku Ulaya nambala yake imayamba ndi MW-BIO n'kutsatira manambala atatu.

Tikabwera nazo kuno kuchigwa, alimi ambiri akamva zimenezi amati ulimi wawo ndi womwewo kuyambira kale, ndipo sakunama kotheratu. M'madimba a m'mbali mwa Shire, ku Makhanga ndi m'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh, anthu amadzala chimanga, mbatata ndi nyemba madzi akaphwa, pa dothi limene mtsinje wasiya, ndipo ambiri sathirapo feteleza. Mapira ndi mchewere wa kumtunda nazonso zimalimidwa popanda chothira chilichonse, ng'ombe ndi mbuzi n'zambiri moti manyowa a khola sasowa, ndipo mitengo ya nimu, imene masamba ndi njere zake zimapirikitsa tizilombo, ili pafupifupi pakhomo lililonse. Chigwachi chili ndi poyambira pabwino kuposa madera ambiri a dziko lino. Komabe kusathira feteleza ndi mbali imodzi chabe ya zimene malamulo aja amafuna, ndipo mipata yolowera mankhwala ndi yambiri kuposa mmene mlimi amaganizira.

Taganizirani banja la ku Ngabu limene lili ndi munda wa thonje ndi kachigawo ka khobwe m'mbali mwake. Sipuleya ndi imodzi, mwinanso yobwereka kwa mnansi. Bambo apopera thonje m'mawa dzuwa lisanakwiye, m'thanki mwatsala mankhwala pang'ono, ndipo poona kuti nsabwe zagwira khobwe, amalizira otsalawo m'khobwemo m'malo mowataya, pakuti anawagula ndi ndalama. Ngakhale akanapanda kutero, mphepo ya tsikulo ikanatengera kafumbi ka mankhwalawo ku mizere yoyandikana nayo. Chaka chamawa m'munda wa thonje uja mudzadzalidwa chitowe, ndipo chitowecho, ngakhale chisapoperedwe ndi kamodzi komwe, sichingalandire dzinali chifukwa zaka zoyeretsera munda sizinakwane. Kuyambira cha mu 2019 alimi ambiri akudzala thonje la Bt, limene linasinthidwa chibadwa kuti lizipha mbozi palokha, ndipo mbewu yotere malamulo a ulimi wa “organic” amaikana kulikonse. Mbewu ya chimanga ya m'sitolo yopakidwa utoto nayo ndi yothiridwa mankhwala, choncho munda umene yadzalidwamo wagwa kale pa tsiku lodzala.

Pali zinanso zimene anthu saziwerengera. Manyowa a Mbeya, amene alimi ambiri anawakonda feteleza atakwera mtengo, amapangidwa posakaniza ndowe, madeya ndi phulusa ndi feteleza wa kusitolo pang'ono. Ndi njira yanzeru yochepetsera ndalama, koma kafeteleza kochepako n'kokwanira kuchotsa munda pa mndandanda. Mbozi zachilendo zodya chimanga, zimene zinafika m'dziko muno cha mu 2016 ndipo mu Disembala 2017 zinachititsa boma kulengeza kuti maboma 20 agwidwa ndi tsoka, zinaphunzitsa kupopera ngakhale anthu amene anali asanagwirepo sipuleya. Ndipo malo amene zokolola zambiri zimagwera si kumunda ayi koma m'nyumba: kutentha kwa kuno kumachulukitsa anankafumbwe, ndipo mayi amene walima mapira ake popanda chothira chilichonse amawathira akitelike posunga kuti afike nawo mwezi wa Januwale. Palibe angamunene pa chimenecho. Kungoti mapirawo, pa mlingo wa malamulo aja, asiya kukhala “organic” pa tsiku limene alowa m'thumba.

Madzi osefukira amawonjezera vuto limene madera a kumapiri salidziwa kwenikweni. Mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 pa nthawi ya namondwe wa Idai, mu Januwale 2022 ndi Ana, komanso mu Malichi 2023 ndi Freddy, mitsinje ya Shire, Ruo ndi Mwanza inadutsa m'minda ya anthu osasankha malire, ndipo inanyamula dothi la munda wina n'kukalisiya m'munda wa wina. Woyendera minda wodziwa ntchito yake amayenera kulemba ngozi yotere, ndipo akakayika amatenga dothi kapena mbewu kukayezetsa.

Mwina wina anganene kuti malambe ndi uchi zilibe mlandu, popeza mlambe palibe amaupopera ndipo njuchi zimadzidyera zokha. Malamulo a ku Ulaya amavomereza zipatso zotola m'tchire, ndipo ufa wa malambe unaloledwa kugulitsidwa kumeneko ngati chakudya mu 2008, koma amafuna kuti dera lotolamo lidziwike malire ake, likhale losathiridwa zoletsedwa kwa zaka 3, ndipo kutolako kusawononge mitengo ndi zamoyo za m'deralo. Mlambe woima pakati pa munda wa thonje uli pa vuto pamenepo. Pa uchi lamulo ndi lolimba kwambiri, chifukwa limafuna kuti maluwa a m'kati mwa makilomita 3 kuzungulira ming'oma akhale makamaka a tchire kapena a minda yosathiridwa zoletsedwa. Ming'oma ya m'mphepete mwa Majete, Lengwe kapena Mwabvi ikhoza kukwaniritsa zimenezi m'malo ena, koma ya pafupi ndi minda yopoperedwa singathe, ngakhale uchi wake utakoma chotani.

Tsono tiyerekeze kuti mlimi wapewa misampha yonseyi. Chitowe chake chimakafika pa malo ogulitsira, pamene venda wakoleka sikelo pa nthambi ya mtengo ndipo wayala lona pansi. Mayi akatula beseni, venda mwina amafunsa kuti, “Amayi, chimenechi munathirako mankhwala?” ndipo mayiyo amayankha kuti, “Ayi bambo, ndalama ya mankhwala ife tiitenga kuti?” Venda ayeza, alipira, n'kukhuthulira chitowecho pa mulu womwewo pamene pali cha alimi ena makumi angapo amene sanafunsidwe kanthu. Madzulo mulu uja ulowa m'matumba akale a feteleza, ukwezedwa pa lole imene dzulo inanyamula thonje, ndipo kumzinda ukasungidwa m'nyumba yofukizidwa mankhwala. Munthu wachinayi kapena wachisanu pa mzere umenewu ndi amene amasindikiza pepala la pa botolo. Iye mundawo sanauonepo, mlimi sakumudziwa, ndipo umboni wake wonse ndi wakuti katunduyo “ndi wa kumudzi”. Mtengo wapamwamba umene wogula wa ku Blantyre walipira umathera m'thumba mwa ameneyu, pamene mayi uja analandira mtengo wa chitowe wamba.

Si onse olemba mawuwa amene ali ndi cholinga chonamiza. Ambiri ndi amalonda ang'onoang'ono amene amaganiza kuti chilichonse chachilengedwe kapena chachikuda chikhoza kutchedwa choncho. Koma kwa wogula kusiyanako kulibe phindu, pakuti walipira chinthu chimene palibe angachitsimikize.

Zizindikiro zina zoona nazonso zimasokoneza anthu. Alimi a nzimbe a Kasinthula ndi a kopaletivi ya Phata ku Chikwawa, amene nzimbe zawo zimagayidwa ku fakitale ya Illovo ku Nchalo, amadziwika ndi satifiketi ya Fairtrade. Chizindikiro chimenecho chimanena za mtengo wachilungamo, ndalama yapadera yotukulira dera ndi kasamalidwe ka antchito, ndipo ngakhale chimaletsa mankhwala ena oopsa, sichitanthauza kuti munda sunathiridwe feteleza. Chimodzimodzi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards (MBS), bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972, chimasonyeza kuti katundu wakwaniritsa muyezo wa mtundu wake, monga ukhondo wa popangira ndi zimene zili m'kati, osati mbiri ya kalimidwe. Tisaiwalenso kuti ngakhale satifiketi yeniyeni ya “organic” silonjeza kuti mtedza ulibe chuku, kapena kuti ufa wa sangowa uchiritsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi, monga mapepala ena amalembera mopanda mantha. Imanena za njira yolimira ndi kasungidwe basi.

Kumene dongosolo la zikalata lilipo, akuba amalimbana ndi zikalatazo. Ku America, mlimi wina wa ku Missouri dzina lake Randy Constant anagamulidwa mu Ogasiti 2019 kukakhala kundende zaka zoposa 10 atavomera kuti pakati pa 2010 ndi 2017 anagulitsa chimanga ndi soya za madola oposa 142 miliyoni ponena kuti ndi za “organic”, pamene zambiri mwa izo zinali zawamba. Anali ndi minda ina yotsimikizidwa, ndipo satifiketi ya minda yochepayo ndi imene ankaphimbira katundu wa minda ina yambiri. Mu 2017 nyuzipepala ya Washington Post inaulula za soya wa matani pafupifupi 16,000 amene anachoka ku Ukraine ali wamba, anafukizidwa mankhwala, anadzera ku Turkey, ndipo pofika ku California mapepala ake anali atasintha ndipo mtengo wake unali utakwera ndi madola pafupifupi 4 miliyoni. Milandu yotereyi ndi imene inachititsa dziko la America kukhwimitsa malamulo ake, moti kuyambira mu Malichi 2024 amalonda ambiri apakati, amene kale ankadutsa osayenderedwa, nawonso akufunika satifiketi.

Zitsanzo ziwiri za ku India zikutikhudza kwambiri chifukwa ndi za mbewu zathu zomwe. Mu 2020 bungwe la GOTS, limene limatsimikiza nsalu za thonje la “organic”, linapeza zikalata zabodza zokhudza matani 20,000 a thonje ndipo linachotsa makampani 11. Chaka chomwecho, mu Seputembala, dziko la Belgium linapeza mankhwala ofukizira a ethylene oxide, oletsedwa pa zakudya ku Ulaya, m'chitowe chochokera ku India, ndipo china mwa chitowecho chinali ndi satifiketi ya “organic”. Zakudya zambirimbiri zinachotsedwa m'masitolo, mayiko a ku Ulaya analamula kuti theka la katundu yense wa chitowe cha ku India aziyezedwa pa doko, ndipo pambuyo pake mabungwe ena otsimikiza analandidwa chilolezo chawo pa katundu wa dzikolo. Chilangocho chinagwera onse, kuphatikizapo alimi amene sanalakwe. Dera likatchuka ndi mapepala abodza, wogula wakunja safufuza kuti wonama anali wa mudzi uti, amangosiya kugula kapena kutsitsa mtengo kwa aliyense, ndipo chigwa chimene chikuyembekeza kutumiza chitowe, malambe ndi nandolo kunja chiyenera kuliopa tsoka limeneli kuposa china chilichonse.

Anthu ambiri amaganiza kuti labotale ikhoza kuthetsa mkangano wonse, koma mphamvu yake ili ndi malire. Ikhoza kupeza zotsalira za mankhwala, ikhoza kuzindikira mbewu yosinthidwa chibadwa, ndipo pali njira yoyezera nayitulojeni wa m'mbewu imene imapereka chithunzi ngati anachokera ku manyowa kapena ku feteleza. Koma mankhwala ambiri amatha mphamvu pakapita masabata, moti chakudya chopoperedwa chikhoza kutuluka choyera, pamene cha mlimi wokhulupirika chikhoza kupezeka ndi kadontho kobwera ndi mphepo kuchokera kwa mnansi. N'chifukwa chake oyendera aluso amadalira kwambiri masamu. Amatenga kukula kwa minda yolembetsedwa, n'kuchulukitsa ndi zokolola zimene hekitala imodzi ingapereke m'deralo, kenako n'kuyerekeza ndi zimene zagulitsidwa. Gulu limene minda yake ingatulutse matani 20 koma lagulitsa matani 60 lagwidwa ndi mabuku ake omwe, ngakhale thumba lililonse litapambana ku labotale.

Nanga kuno kwathu wogula waima pati? Pa msika wa m'dziko muno munthu safunsidwa satifiketi asanasindikize mawuwa, choncho chitetezo chachikulu chili m'malamulo oteteza ogula onse pa katundu wa mtundu uliwonse. Loyamba ndi Consumer Protection Act la 2003, limene limapatsa wogula ufulu wouzidwa zoona, zokwanira ndi zomveka zokhudza chimene akugula, limaletsa kutsatsa malonda monamiza kapena mosocheretsa, ndipo limamupatsa ufulu wolandira chipukutamisozi akapwetekedwa kapena kuluzitsidwa. Lamuloli linakonza zoti pakhale khonsolo yoteteza ogula, koma khonsoloyo inakhala zaka zambiri ili pa pepala pokha, ndipo ntchito yambiri inagwera bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lodziwika kuti CFTC, limodzi ndi mabungwe omwe si a boma monga Consumers Association of Malawi, limene a John Kapito akhala akulitsogolera kwa nthawi yaitali.

CFTC inkagwira ntchito ndi lamulo la 1998, limene linkaletsa kale mchitidwe uliwonse wosocheretsa anthu pa za mtundu, ubwino, mtengo kapena kuchuluka kwa katundu. Chofooka chake chinaonekera poyera mu 2023, pamene Khoti Lalikulu linagamula kuti lamulolo silinapatse bungweli mphamvu yolipiritsa chindapusa palokha. Nyumba ya Malamulo inakonza mpatawo ndi lamulo latsopano la Competition and Fair Trading Act la 2024, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi chaka chomwecho. Tsopano bungweli likhoza kulamula kuti wogula abwezeredwe ndalama kapena asinthiridwe katundu, ndipo likhoza kulipiritsa kampani chindapusa chofika magawo 10 pa 100 alionse a ndalama zimene yapanga pa chaka, kapena magawo 5 ngati wolakwa ndi munthu payekha. Kumbali ya zolemba pa paketi, muyezo wa MBS wa MS 19, umene unatengera malangizo a Codex, umafuna dzina lenileni la chakudya, zimene zalowamo, kulemera kwake, dzina ndi keyala ya wopanga ndi tsiku lothera ntchito, ndipo umakana zolemba zopereka chithunzi chabodza. Palinso bungwe la Pesticides Control Board ku Bvumbwe, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2000, limene mankhwala alionse ophera tizilombo amayenera kulembetsedwako asanagulitsidwe, ndipo izi zikukhudza ngakhale timabotolo topanda pepala timene timagulitsidwa m'misika ponena kuti ndi mankhwala achilengedwe.

Malamulowa akhoza kumugwira wonama m'njira ziwiri, ndipo imodzi ndi yophweka kuposa inzake. Munthu amene wasindikiza chizindikiro cha “organic” cha ku Ulaya chooneka ngati tsamba la nyenyezi, kapena cha USDA, unduna wa zaulimi wa ku America, kapena walemba kuti katundu wake ndi wotsimikizidwa pamene alibe satifiketi, mlandu wake ndi woonekeratu, chifukwa funso ndi limodzi: satifiketiyo ili kuti, inaperekedwa ndi ndani, ikukhudza katundu uti ndipo ikutha liti? Mabungwe otsimikiza amasunga mndandanda wa amene anawapatsa, ndipo wa USDA uli pa intaneti poti aliyense angathe kufufuza dzina la kampani. Wovuta ndi amene wangolemba liwu limodzi lokhalo popanda chizindikiro. Ameneyo akhoza kudziteteza kuti ankatanthauza zachilengedwe chabe. Kuona kwanga n'kwakuti chodzitetezera chimenechi n'chofooka, chifukwa lamulo limayang'ana chithunzi chimene wogula wamba walandira, ndipo amene wakweza mtengo chifukwa cha liwulo akudziwa bwino lomwe chimene wogula akumva. Ngati sangatchule alimi amene anamugulitsa, kapena zikapezeka kuti katunduyo anathiridwa akitelike posunga, n'kovuta kuona mmene angakanire kuti wasocheretsa anthu.

Koma lamulo limayenda pakakhala wodandaula, ndipo apa ndi pamene mphamvu zake zimachepa. Munthu amene waluza ndalama zochepa pa botolo limodzi la mafuta sangalipire minibasi yochoka ku Nsanje kukafika ku Blantyre kuti akasume, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti ananamizidwa. Wofuna kudandaula ayenera kusunga paketi ndi lisiti, kujambula zolembedwa zonse pa foni, kulemba tsiku ndi dzina la sitolo, kenako kufunsa wogulitsa satifiketi, makamaka kudzera m'kalata kapena uthenga wolemba kuti yankho lake likhale umboni. Madandaulo a gulu amamveka msanga kuposa a munthu mmodzi. Ndipo amene ali ndi chifukwa chachikulu chodandaulira si wogula yekha: kopaletivi imene yalipira kuyenderedwa, kapena wamalonda amene wakana kulemba zimene sangazitsimikize, akulandidwa msika ndi mnzake wonama, ndipo mpikisano wopanda chilungamo wotere ndi ntchito yeniyeni ya CFTC.

Chomvetsa chisoni n'chakuti dongosolo lomwe linapangidwa kuteteza wogula limamutsekera kunja mlimi wamng'ono. Woyendera wa bungwe lakunja amalipidwa ulendo, malo ogona, masiku a ntchito ndi mayeso a ku labotale, kawirikawiri m'ndalama zakunja, ndipo izi zimabwerezedwa chaka ndi chaka. Mlimi wa ekala imodzi ku Tengani sangazikwanitse. Njira yodziwika ndi satifiketi ya gulu, pamene kopaletivi imakhala ndi oyendera akeake amene amafika kwa membala aliyense ndi kulemba m'mabuku, ndipo woyendera wakunja amangoyesa mabukuwo ndi kuyendera alimi ena mwa apo ndi apo. Lamulo latsopano la ku Ulaya linaika malire pa njirayi: gulu lisapitirire mamembala 2,000, likhale lolembetsedwa mwalamulo, ndipo mamembala ake akhale alimi ang'onoang'ono enieni. Kuipa kwake n'kwakuti membala mmodzi akapopera mobisa ndipo mabuku a gulu osamugwira, satifiketi ya onse imakhala pa ngozi.

Pa msika wa m'dziko momwemo pali njira yotsika mtengo imene bungwe la dziko lonse la ulimi wa “organic” la IFOAM, lokhazikitsidwa ku Versailles mu 1972, limaivomereza, yotchedwa PGS. Alimi, ogula ndi alangizi amagwirizana malamulo, amayenderana minda, amasainira lonjezo pamaso pa anzawo, ndipo wophwanya amachotsedwa ndi gulu lomwelo. M'midzi ya kuno, mmene aliyense amadziwa tsiku limene mnzake wabwereka sipuleya, kubisa n'kovuta kuposa kunamiza mlendo wobwera kamodzi pa chaka. Mayiko a kum'mawa kwa Africa anagwirizana muyezo umodzi mu 2007 ndipo anapanga chizindikiro cha Kilimohai, chimene magulu a PGS ku Tanzania, Kenya ndi Uganda amachigwiritsa ntchito. Kuno bungwe la Malawi Organic Growers Association ndi limene limadziwika posonkhanitsa alimi a ulimi wotere. Satifiketi ya PGS siloledwa pa katundu wopita ku Ulaya kapena ku America, koma imapatsa wogula wa ku Limbe dzina la gulu ndi mudzi woti angathe kupitako kukaona. Amene sanafike ngakhale pamenepo ali ndi njira yosaphwanya lamulo, yomwe ndi kulemba zimene angazitsimikize zokha, monga kuti chitowechi chinalimidwa ndi kalabu yakutiyakuti popanda feteleza wa kusitolo ndipo chinasungidwa m'matumba osalowa mpweya popanda mankhwala.

Nkhaniyi ikula m'chigwa muno chifukwa cha ntchito ya Shire Valley Transformation Programme, imene ikukumba ngalande yochokera ku Kapichira kulowera ku Bangula ndi cholinga chothirira mahekitala 43,370, ndipo alimi akuphatikiza minda yawo m'makopaletivi kuti azilima mbewu zamalonda. Minda ikuluikulu yothirira imadza ndi feteleza ndi kupopera kwa nthawi zonse, ndipo minda ya m'mbali mwake idzafunika mpata wolekanitsa ngati eni ake akufuna msika wa “organic”. Kopaletivi imene ili ndi maganizo otere iyenera kusankha chigawo chake nyengo yoyamba isanalimidwe, chifukwa malo akangothiridwa kamodzi, zaka 2 kapena 3 zija zimayambanso kuwerengedwa. Lamulo la ku Ulaya limayamba kuwerenga pa tsiku limene mlimi walembetsa ku bungwe lotsimikiza. Limalola kuti zaka za m'mbuyo ziwerengeredwe ngati pali umboni wokhutiritsa wakuti malowo anakhala zaka 3 osathiridwa zoletsedwa, ndipo umboni umene woyendera amafuna ndi mapu a munda, mabuku osonyeza zimene zinadzalidwa ndi kuthiridwa chaka chilichonse, ndiponso, akakayika, zotsatira za dothi loyezedwa ku labotale.